Zimene sitinena za Cuba kuno ku Tete

Kwa ife a ku Angónia ndi ku Tsangano, dzina la Cuba timalitchula mwaulemu. Kuyambira mu 1977, boma la Samora Machel linkatumiza ana a dziko lino la Mozambique kukaphunzira pachilumba cha Isla de la Juventud ku Cuba, ndipo ambiri anabwerako ali aphunzitsi, alangizi a zaulimi ndi azachipatala. Madokotala a ku Cuba atichiza m'zipatala za boma kwa zaka zambiri. Zonsezi ndimaziyamikira ndi mtima wonse, koma kuyamikirako kwatimanga pakamwa, moti sitifunsa za moyo wa munthu wamba wa ku Havana, kapena chifukwa chimene dokotala wotumizidwa kunja akasiya ntchito ya boma amaletsedwa kubwerera kwawo kwa zaka 8.

Fidel Castro atagwetsa Fulgencio Batista pa 1 Januwale 1959, anthu anavina m'misewu, pakuti Batista analidi wankhanza. Mu 1961 achinyamata anamwazikana m'midzi kukaphunzitsa anthu kuwerenga ndi kulemba, ndipo sukulu ndi chipatala zinakhala zaulere. Koma chisankho chaufulu chimene Castro analonjeza sichinachitike. Malamulo aakulu a dzikolo amapereka utsogoleri wonse ku chipani chimodzi cha Chikomyunizimu, ndipo pa chisankho cha aphungu cha mu 2023 mipando inali 470, ofuna mipandoyo analinso 470, kotero wovota ankangovomereza amene anali atasankhidwa kale.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi makomiti a CDR oteteza ulamuliro wa Castro, amene anakhazikitsidwa mu 1960 m'dera lililonse lokhala anthu. Wapampando wake ndi mnansi wako, amene amadziwa mlendo amene wagona kwanu, msonkhano umene unajomba ndi mawu amene unalankhula utakwiya pamzere wa buledi. Ife amene tinakula nthawi ya grupo dinamizador (makomiti a chipani cha Frelimo m'madera) ndi aldeia comunal (midzi imene boma linasonkhanitsamo anthu) sitifunika womasulira pamenepa. Amayi anga atamva kuti achemwali awo adwala mwakayakaya m'boma loyandikana nalo, sakanatha kungomanga kamtolo n'kunyamuka, chifukwa ankafunika guia de marcha, kapepala kolembedwa dzina lawo, kumene akupita ndi chifukwa cha ulendowo, chidindo chili pansi pake. Mlembi wosunga chidindo anali atachokapo, ndipo pamene kapepalako kanapezeka, mayi aang'ono anali ataikidwa kale. Amayi sanamangidwe kapena kumenyedwa, komabe tsiku limenelo anadziwa kuti miyendo yawo inali m'manja mwa munthu wina. Ufulu ndimaumva choncho: kupita ndi kubwerera osapempha, ndiponso kukana poyera n'kukagona m'nyumba yako usiku womwewo.

Ife tinatulukamo ndi malamulo atsopano a 1990, mtendere wa ku Roma wa 1992 ndi chisankho cha 1994, ngakhale magazi amene anakhetsedwa pambuyo pa chisankho cha 2024 akusonyeza kuti ulendo wathu sunathe. Ku Cuba chilolezo chotulukira m'dziko chinachotsedwa mu 2013. Zisanatero, anthu pafupifupi 125,000 anachoka padoko la Mariel mu 1980, ndipo mu 1994 zikwi zambiri zinalowa m'nyanja pa ziphaka zomangidwa ndi machubu a matayala, migolo ndi matabwa, kulunjika ku Florida, mtunda wa makilomita pafupifupi 150. Munthu sanyamula mwana wake n'kumukweza pachubu ngati kumene akuchokako kuli mtendere, ndipo a kuno amene anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu pa nkhondo ija ya Frelimo ndi Renamo amadziwa kulemera kwa chisankho chotere.

Anzanga ena amati vuto lonse ndi chiletso cha malonda chimene America inaika pa Cuba mu 1962. Chiletsocho n'chenicheni, chimapweteka osauka kuposa atsogoleri, ndipo ine ndimachitsutsa monga momwe mayiko ambiri a United Nations akhala akuchitsutsira kuyambira 1992. Chili ndi mbali yake pa njala imene inagwa Soviet Union itatha mu 1991, komanso pa kuchepa kwa mpunga, shuga ndi nyemba zogulidwa ndi kabuku ka libreta, zimene sizifikitsa banja kumapeto kwa mwezi. Koma si chiletso chimene chinamanga atolankhani ndi otsutsa boma 75 mu Malichi 2003, ndipo si America imene inkagwira akazi awo ndi amayi awo, a Damas de Blanco, akamayenda atavala zoyera pochoka kutchalitchi.

Pa 11 Julayi 2021, anthu a ku San Antonio de los Baños, atatopa ndi kuzima kwa magetsi, kusowa kwa mankhwala ndi mizere yosatha, anatuluka m'misewu akufuula ufulu, ndipo tsiku lomwelo mizinda yambiri inatsatira. Pulezidenti Miguel Díaz-Canel anaonekera pawailesi yakanema n'kuuza omutsatira kuti akalimbane nawo, intaneti inadulidwa, ndipo mazanamazana anamangidwa, ena n'kugamulidwa zaka zoposa 10. Ambiri anali anyamata ndi atsikana obadwa chisinthiko cha 1959 chitakalamba kale, ophunzitsidwa kuwerenga ndi boma lomwelo limene linawatsekera chifukwa cha zimene analemba pamapepala ndi pa Facebook.