Ku Giessen, komwe ankayeza nayitrojeni pa makala

Abale ngati muli ku Frankfurt ku Germany ndipo mwapeza tsiku lopuma, kwerani sitima mupite ku Giessen, ulendo wake sukwana ndi ola lomwe. Mukatsika ndi kamtunda pang'ono wapansi mwafika pa Liebig Museum, nyumba yomwe Justus Liebig ankaphunzitsiramo chemistry kuyambira 1824 mpaka 1852, anaitsegula ngati myuziyamu mu 1920.

Ambiri amathamangira pa Kaliapparat, kagalasi ka mababu asanu ka 1831 koyezera kaboni, n'kokongoladi koma ine chinanditengera kumeneko ndi nayitrojeni. Kwathu tinakula tikuwerenga 23:21:0+4S pa thumba la feteleza ndi 46 pa la urea, pomwe 23 ndi 46 zimasonyeza kuchuluka kwa nayitrojeni, ndiye ndinkafuna ndione ndi maso kuti nambala zotere anthu anayamba kuzipeza bwanji kulibe magetsi kulibe kompyuta.

Mu labu momwemu anyamata awiri omwe ankagwira ntchito ndi Liebig, Heinrich Will ndi Franz Varrentrapp, anatulukira njira yawo mu 1841. Chinthu chomwe akufuna kuyezacho ankachisakaniza ndi soda lime (msakanizo wa laimu ndi caustic soda), kuthira mu chubu chagalasi chachitali, kuchigoneka pa ng'anjo yooneka ngati mbaula yotalika n'kumasendeza makala pang'onopang'ono, ndiye nayitrojeni ankatuluka ngati amoniya n'kukakodwa mu asidi mu kagalasi ka mababu kumapeto kwa chubucho. Akatero amathiramo mankhwala a platinum, pansi pamadikha ufa wachikasu, amaumitsa ufawo n'kuuika pa sikelo. Ndinaima nthawi yaitali pa masikelo aja otsekeredwa mu makabati a galasi kuti mpweya wa munthu usawagwedeze, eeh, chubu chikangothetheka ndi moto ntchito yonse yapita madzi muyambirenso, komabe anthuwa ankapeza nambala zoti ena n'kuzidalira, zinandikhudza kwambiri zimenezi.

Njirayi inali ndi vuto lake, pa ma nitrate (mchere wokhala ndi nayitrojeni ndi okosijeni) sinkagwira bwino. Ya Dumas wa ku France yoyeza mpweya wa nayitrojeni weniweniwo inali yolondola koma yovuta kwa ambiri. Mu 1883 Johan Kjeldahl wa ku Carlsberg Laboratory ku Copenhagen, yemwe ankafuna kudziwa mapuloteni a mbewu zofululira mowa poyeza nayitrojeni wake, anabwera ndi yake yowiritsa chinthucho mu sulfuric acid mu botolo la khosi lalitali, ndipo posakhalitsa ya Will ndi Varrentrapp inayamba kusiyidwa. Ya Kjeldahl ma labu oyeza dothi ndi zakudya za ziweto akuigwiritsabe mpaka pano.