Mankhwala a nkhuku m'damu la nsomba

Mu 2020, matenda a zilonda atagwa pa nsomba ku Mchinji, alimi ambiri tidayamba kuona chilonda chilichonse pa makumba ngati mliri womwewo. Matendawa akatswiri amawatcha EUS, ndipo amayamba ndi kachilombo kangati nkhungu kotchedwa Aphanomyces invadans, komwe kamakonda nyengo yozizira. Maantibayotiki amapha mabakiteriya, nkhunguyi saikhudza. Chomwe alangizi a za nsomba ankanena ndi laimu, kuyanika maukonde padzuwa, komanso kuleka kusamutsa nsomba kuchoka damu lina kupita lina. Koma mpaka lero, nsomba zikangoyamba kuyandama chagada, alipo ena m'kalabu yathu amene amakwera njinga kukagula paketi ya maantibayotiki a nkhuku otchedwa oxytetracycline kusitolo ya mankhwala a ziweto, n'kusakaniza ndi madeya. Muyeso wake wongoyang'ana ndi maso. Wogulitsayo safunsa kuti nkhukuzo zilipo zingati.

Sindiwanena kuti ndi opusa ayi. Munthu wadyetsa miyezi isanu ndi umodzi, fizi ya mwana ili m'madzimo, angokhala manja lende? Vuto ndi lakuti nsomba yodwala sidya. Madeya amankhwalawo amadya ndi zamoyo zija, otsalawo amamira. Ngakhale yomwe yadya, gawo lalikulu la oxytetracycline limatuluka ndi ndowe zake n'kukakhazikika m'matope pansi pa damu, momwe limakhalitsa. Mabakiteriya a m'matopemo amakumana ndi mankhwala ochepa osakwana kuwapha, ndiye amazolowera, n'kumapatsirana mphamvuyo ndi mabakiteriya ena, kuphatikizapo omwe amadwalitsa anthu. Tsiku lokolola timaphwetsa damu, madzi n'kulowera kudimba la mpiru ndi kumtsinje komwe amayi amachapa.

Pali khomo lina lomwe sitiliganizira. Tonse timathira zitosi za nkhuku kuti madzi abiriwire. Ngati zitosizo zachokera m'khola la mabuloyila omwe amamwetsedwa mankhwala m'madzi, ndiye kuti damu lako lalandira mankhwala iwe osagula ndi paketi imodzi yomwe.

Nanga wodya? Thupi la nsomba limatsata kutentha kwa madzi, choncho mu June ndi July mankhwala amachedwa kutuluka m'mnofu kuposa mu October. Masiku odikira nyama isanadyedwe omwe alembedwa pa paketi ndi a nkhuku, si a chilunguni. Ndipo tikunena zoona, mlimi akaona kuti nsomba zikufabe, amathamangira kukolola mawa lake lomwelo kuti apulumutseko ndalama.

Ku Norway adadutsamo. Mu 1987 alimi a nsomba za salmon kumeneko adagwiritsa ntchito pafupifupi matani 50 a maantibayotiki. Katemera atabwera, mankhwalawo adatsika kwambiri pomwe nsomba zoweta zinkachulukirachulukira. Kumeneko mankhwala satuluka popanda kalata ya dokotala wa ziweto kapena katswiri wa matenda a nsomba, ndipo kalata iliyonse imalowa m'kaundula wa boma. Ku Chile amathirabe matani mazanamazana pachaka, makamaka florfenicol, koma chiwerengerocho chimadziwika ndipo anthu amakangana nacho. Ife katemera wa makumba tilibe, ndipo PMRA, nthambi ya boma yoona za mankhwala, ingathe kulemba mankhwala olowa m'dziko, koma singadziwe kuti paketi yolembedwa nkhuku yathera m'damu.

Ndiye monga mlembi wa kalabu, ndawonjezera tsamba m'kope lathu: tsiku, damu la yani, nsomba zimaoneka bwanji, dzina la mankhwala, masipuni angati, zitosi zachokera kuti, akolola liti. A tcheya poyamba adakana, ati anthu aziopa kuti tikawanenera kuboma. Tidagwirizana kuti wolembetsa salipitsidwa, koma nsomba zake sizilowa m'gulu lomwe timagulitsa pamodzi mpaka alangizi anene kuti nthawi yakwana. Pamenepo mpomwe pali mkangano, poti alangizi ndi mmodzi, madamu ndi ambiri, ndipo njinga yamoto yawo imafuna mafuta. Pamsonkhano wa mwezi wamawa tikakambirana ngati kalabu izisonkha a mafutawo kuchokera pa ndalama za zokolola.