Sabata ya maso ofiira kuwodi

Ndimayang'anira ophunzira unamwino akamachita pulakitikolo pachipatala china muno mu Blantyre. Sabata yathayi ntchito yanga yaikulu inali yodzutsa anthu.

Lolemba pa handover, nthawi yosiyirana odwala posinthana mashifiti, mtsikana wina wachaka chachiwiri anawodzera ali chiimire, faelo ili m'manja. Lachiwiri ndinafunsa mnzake masamu a dripi: lita imodzi pa maola 8, chubu cha madontho 20 pa mililita. Yankho ndi madontho 42 pa mphindi, ndipo amalidziwa bwino, koma anangoti kakasi, maso ali pabotolo.

"Iwe, dzulo unagona nthawi yanji?"

"Cha m'ma 2 koloko, Sisita. Ndimawerenga."

"Pafoni?"

"Manotsi onse ali pa WhatsApp."

Sananame. Manotsi, ndandanda ya mashifiti, zokonzekera mayeso a Nurses and Midwives Council of Malawi, zonse zimadutsa pagulupu. Ukatsegula foni kufuna manotsi, TikTok nayenso ali pomwepo. Munthu wamkulu amafunika kugona maola 7 mpaka 9, pomwe kuwala kwa foni usiku kumachedwetsa melatonin, mahomoni oitana tulo. Tsono wochita lendi ku Ndirande kapena ku Chilomoni, 5 koloko wadzuka kale kukathamangira minibasi. Ameneyo ndiye tikumupatsa jakisoni kuti akabaye munthu.

Anzanga ena amati ana amasiku ano ndi aulesi, tingowalanda mafoniwo. Ine ndikukana. Lachitatu mnyamata wina anandiuza, tikupinda zofunda, kuti chimwalirireni wodwala wake woyamba sagona. Anathandiza nawo kusambitsa ndi kukulunga thupi, achibale akulira pakhonde, kenaka anangouzidwa kuti akayeze BP pabedi lotsatira. Palibe anamufunsa kuti ali bwanji. Kumudzi fizi sinakwanebe. Akazimitsa foni zonsezi zimamubwerera, ndiye amangoonera mavidiyo mpaka tambala kulira. Mukamulanda foni, nkhawazo mumusiya nazo yekha mumdima.

Lachinayi odwala anachuluka, za tulo sitinazikumbuke n'komwe.

Lachisanu tinakhala pansi ndi aphunzitsi anzanga. Tinagwirizana kuti ikakwana 9 koloko usiku pagulupu pasatumizidwenso kanthu, wochoka naiti asaitanidwe m'kalasi m'mawa womwewo, ndipo wodwala akamwalira tizipatula mphindi zingapo zocheza ndi ophunzira amene analipo. Za khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija tinakangana osamvana, poti enafe ndi zomwe zimatifikitsa m'mawa tikakhala pa naiti.