Kugwira ntchito mpaka zaka 70?

Anzanga, nkhani ya msinkhu wopumira pantchito yavuta m'mayiko ambiri. Ana akubadwa ochepa, okalamba akuchuluka, ndiye osonkha ndalama za penshoni akuchepa.

Ku Japan zafika pena. Anthu pafupifupi 29 pa 100 alionse ali ndi zaka 65 kapena kuposa. Kampani imayenera kusunga wantchito mpaka zaka 65 ngati wantchitoyo akufuna, ndipo kuyambira 2021 lamulo likuti makampani ayesetse kufikitsa 70. Zikumveka bwino, eti? Komatu ambiri amapumitsidwa ali ndi zaka 60, n'kulembedwanso pa kontirakiti ya chaka chimodzichimodzi. Ofesi yomweyo, mpando womwewo, koma malipiro atadulidwa kwambiri, ndipo amene iwo ankamuphunzitsa ntchito dzana ndi amene akuwalamula lero. Kwa ine kumeneko n'kugula luso la munthu pamtengo wozizira.

Germany ikukweza msinkhu wopumira pantchito pang'onopang'ono mpaka 67 pofika 2031, ndipo yafewetsa malamulo kuti anamwino ndi amisiri akunja alowe. China inayamba mu January 2025: amuna kuchoka pa 60 kufika 63, m'zaka 15. Denmark yavomereza 70 pofika 2040.

Ku France kokha kunalibe nthabwala. Pulezidenti Macron atafuna kukweza kuchoka pa 62 kufika 64 mu 2023, otola zinyalala ananyanyala ntchito, milu ya zinyalala n'kudzaza misewu ya Paris. Ndipo ndikuwamvetsa. Wokhala pa kompyuta atha kufika 67, koma wonyamula matumba a simenti msana umakhala utatha kalekale.