Ndaphunzira kukwera mafunde ku Tofo

Abale anga a kuno ku Mulanje, ndabwerako kutchuthi ku Tofo, pafupi ndi Inhambane m'dziko la Mozambique, kumene ndinaphunzira kukwera mafunde a nyanja yamchere nditaima pa thabwa. Mphunzitsi anatiyambira pamchenga, kutisonyeza kugona chafufumimba pa thabwalo, kupalasa ndi manja, kenako kudzuka msanga mawondo atapindika pang'ono. Anandimanga chingwe cha thabwa m'kakolo kuti lisatengedwe ndikagwa. Ine amene ndinakula ndikusambira m'madzi ozizira a pa Dziwe la Nkhalamba ndinadabwa kwambiri ndi mphamvu ya madzi amenewo, omwe amakokera munthu pakati pa nyanja. Ndinagwa kambirimbiri, koma m'ola lachiwiri ndinaima ndithu, ndipo funde linandinyamula mpaka kugombe mtima wanga utadzaza chimwemwe.