Paundi ya golide ndi yopepuka kuposa paundi ya nthenga, ndipo si nthabwala

Mutu womwe ndikulimbana nawo masiku ano ndi wa miyezo yakale ya ku England, ija ankagwiritsa ntchito kumunda, pa malonda ndi posakaniza mankhwala asanalowe m'makilogalamu ndi malita. Ukangoyamba kuwerenga zimaoneka ngati eni ake ankangotola manambala mwachisawawa, 14 apa, 112 apo, 5760 uko, mutu kuchita kuwawa. Koma ine manambalawo sindikudandaula nawo kwenikweni, ambiri ali ndi ntchito imene inawabala. Chomwe chandizunguza ndi choti dzina limodzi linkatha kutanthauza kuchuluka kosiyana kutengera ukugulitsa chani komanso uli tauni iti.

Zonse zimayambira pa kamuyezo kakang'ono kotchedwa grain, komwe poyamba kanali kulemera kwa njere imodzi ya barele, lero timati pafupifupi mamiligalamu 65. Paundi wamba ya mu golosale, yoyezera shuga, nyama kapena nthenga zomwezo, ili ndi ma grain 7000 ndipo imagawidwa maaunsi 16. Osula golide ndi siliva anali ndi yawo yotchedwa troy, ma grain 5760 okha, maaunsi 12. Ndiye paundi ya golide imapepukadi kuposa ya nthenga. Koma tamverani izi, aunsi ya golide ndi ma grain 480 pomwe aunsi wamba ndi 437.5, kutanthauza kuti ukatsikira pa aunsi zinthu zimatembenuka, golide ndiye amalemera. Mpaka lero mtengo wa golide pa msika wa dziko lonse amautchula pa aunsi ya troy yomweyi, magalamu 31.1, osati ya mu golosale ya 28.35.

Gawo la mankhwala ndi lomwe landigwira mtima kwambiri chifukwa kumeneko kulakwitsa ndi maliro. Osakaniza mankhwala ankati ma grain 20 ndi scruple imodzi, ma scruple atatu ndi drachm, ma drachm 8 ndi aunsi. Dokotala sankalemba mayinawa, ankajambula tizizindikiro, ndipo ka drachm kamaoneka ngati 3 wa mchira wautali pomwe ka aunsi ndi komweko basi kungowonjezera kamzere kokhota pamwamba. Tsono taganizani kalembedwe ka madokotala mmene timakadziwira, pa kapepala kakang'ono, wowerengayo ali ndi nyali ya mafuta, akangosokoneza tiwiriti wodwala wamwa mankhwala kuchulukitsa ka 8. Ku Britain dongosolo limeneli linachotsedwa pa malonda mu 1971, ndipo ine ndikuti anachita kuchedwa. Koma mapazi ake akuonekabe. Aspirin ankamupanga wa ma grain 5, ukawerengera ndi mamiligalamu 324, nchifukwa chake ku America piritsi lake ndi la 325 mg, nambala yooneka yachilendo, pomwe ku Britain anangoti tiyeni tinene 300 mg, yomwe ifenso timaiona pa mapaketi kuno.

Za kumunda ndiye zosavuta kuzimvetsa. Ekala yomwe timaitchula tsiku ndi tsiku ija inali malo amene ng'ombe za pagoli zinkatha kulima tsiku limodzi, ndipo sinali ya mbali zofanana, inali yaitali yowonda, mayadi 220 m'litali ndi 22 m'lifupi, pamodzi masikweya yadi 4840. Chifukwa chake nchomveka kwa aliyense amene anagwirapo pulawo, kutembenuza ng'ombe kumapeto kwa mzere ndi ntchito, bola mizere italike ukhote kochepa. Mu 1620 katswiri wa masamu Edmund Gunter anabweretsa tcheni choyezera malo cha mayadi 22 chokhala ndi mfundo 100, ndiye oyeza minda zinawaphwekera, matcheni 10 m'litali ndi chimodzi m'lifupi ndi ekala basi. Okonda cricket, malo aja oponyerapo mpira ndi tcheni chimodzi ndendende. Ekala ndi pafupifupi 0.4 ya hekitala.

Pa malonda ndi pomwe panali chinyengo chambiri. Stone yomwe a ku Britain amayezera thupi lawo mpaka pano ndi mapaundi 14, ndipo inali ya ubweya wa nkhosa, thumba la ubweya linali ma stone 26, mapaundi 364. Koma ogulitsa nyama ku London stone yawo inali mapaundi 8 okha. Dzina lomwelo! Hundredweight nayo ukamva dzina uganiza 100, koma ndi mapaundi 112, ma stone 8, ndipo 20 oterowo ndi tani ya mapaundi 2240. Tirigu ndi barele ankayeza ndi bushel, chotengera cha magaloni 8, ndipo mkangano unali womwe timauona pa ndowa ya chimanga pamsika, wogula akufuna chodzadza mpaka kamulu pamwamba, wogulitsa akufuna kusalaza ndi thabwa. Wamphamvu, kaya mwini munda kaya wamalonda wamkulu, ankatha kugula ndi muyezo wa kamulu nkugulitsa ndi wosalaza.

Dandaulo limeneli ndi lakale zedi. Mu Magna Carta, chikalata chotchuka cha malamulo a ku England cha mu 1215, pakati pa nkhani zikuluzikulu za mfumu ndi ufulu, muli ndime yonena kuti m'dziko lonse mukhale muyezo umodzi wa vinyo, umodzi wa mowa, umodzi wa tirigu ndi mulifupi umodzi wa nsalu. Kulemba kunali kosavuta. Zinatenga mpaka 1824 kuti nyumba ya malamulo ikhazikitse galoni imodzi, yomwe anati ndi malo odzadza mapaundi 10 a madzi, malita 4.55. Nthawi imeneyo America inali itadziimira kale payokha ndiye inatsala ndi galoni yakale ya vinyo ya nthawi ya Mfumukazi Anne, malita 3.79, mpaka lero magaloni awiriwa sagwirizana. Kenako mu 1834 nyumba ya malamulo ya ku Westminster mu London inapsa, ndodo ya yadi ndi chitsulo choyezera paundi zomwe dziko lonse linkadalira zinawonongekera momwemo, anachita kupanganso zina. Mu 1959 mayiko olankhula Chingelezi anagwirizana kuti paundi ndi makilogalamu 0.45359237, ndiye kuti paundi ya lero imadziwika poyeza ndi kilogalamu.

Kwathu kuno zotsalira zilipo kupatula ekala ija, akuluakulu akamakamba za thumba la chimanga la 90 kg, limenelo linali thumba la mapaundi 200 la nthawi ya atsamunda. Eni akewo a ku Britain nawonso sanazisiye zonse, misewu akuyezabe mamailosi, mowa mu bala ndi pa pint (kuposa pang'ono theka la lita), ndipo mu 2001 wogulitsa zipatso wina wa mumzinda wa Sunderland ku England, Steve Thoburn, khoti linamupeza wolakwa chifukwa chogulitsa nthochi pa sikelo ya mapaundi okhaokha yopanda makilogalamu, nkhani inavuta dziko lonse, manyuzipepala ena kumamutenga ngati ngwazi.