Si gasi yekha ayi: mbiri ya galaja yathu ya AC ku Ndirande

Loweruka lapitali ndinalipira ndalama yomaliza ya ngongole imene yakhala ikutisowetsa tulo kuyambira kumapeto kwa 2023, ndipo madzulo ake tinakhoma lata lomaliza pa shedi yathu yatsopano. Amene munatidziwa mu 2019 mukukumbukira kuti galaja yonse inali mtengo wa mango, bokosi limodzi la masipanala ndi katoni yogonera ndikamalowa pansi pa dashibodi. Mvula ikagwa ntchito inkaima. Ndiye ndati ndilembeko pang'ono, kuti amene mwatidziwa kumene mudziwe kumene tachokera, komanso chifukwa chake mukafika n'kunena kuti "mundithirire gasi wa AC" ife timayamba ndi mafunso ngati muli kuchipatala.

Ntchito ya mawaya a galimoto ndinaiphunzira kwa amalume anga. Nthawi imeneyo tauni inali itadzaza kale ndi galimoto zochokera ku Japan, za Vitz, Passo, Sienta, Probox, Note ndi Demio, zambiri zotsikira padoko la Dar es Salaam n'kulowera ku Songwe. Pafupifupi zonse zimabwera ndi AC, makina oziziritsa mpweya m'galimoto, koma odziwa kuikonza anali ochepa, ndipo ochepawo mankhwala awo anali amodzi: gasi.

Amene ananditsegula maso ndi bambo wina wa Sienta yemwe ankayenda pakati pa Blantyre ndi Nchalo. Amene mwatsikako ku Thabwa mwezi wa Okutobala mukudziwa kuti ukangofika pa mlatho wa Shire, mphepo yolowera pazenera imakhala ngati yochokera m'ng'anjo. Bamboyu anali atathiritsa gasi katatu mwezi umodzi. Nditatsegula boneti n'kugwira paipi yaikulu ya AC, inali yozizira ngati botolo lochokera m'firiji, koma m'kati mwa galimoto mpweya wotuluka m'mabowo unali ngati kupuma kwa khanda. Ndinati, "Bwana, gasi wanu alipo, mwinanso wachuluka. Mpweya ndi umene ukusowa njira." Ndinagwetsa kabokosi ka kumanzere kwa dashibodi, kaja mumasungamo buku la galimoto, n'kusolola fyuluta. Inali yakuda bii, yolemera ndi fumbi. Pansi pake, m'fani, makoswe anali atamanga nyumba yawo ndi nsanza, masamba ouma ndi makoko a chimanga. Zinyalala zinakwana theka la jumbo. Titayatsa fani, malisiti amene anali padashibodi anauluka. Sabata yotsatira bamboyo anabwera ndi anzake atatu, ndipo bizinesi inabadwira pomwepo.

Kuyambira tsiku limenelo lamulo lathu ndi loti tisanagwire silinda ya gasi timafunsa kaye: mpweya ukutuluka wamphamvu koma wotentha, kapena sukutuluka n'komwe? Awa ndi matenda awiri osiyana. Loyambalo ndi limene lingakhudze gasi kapena kompulesa, pampu imene imayendetsa gasiyo. Lachiwirili gasi alibe nalo ntchito, ngakhale mutathira silinda yonse.

Fyuluta ndiyo imayamba kutsekeka, makamaka mu Ogasiti ndi Seputembala fumbi likamauluka, komanso kwa inu oimika galimoto pansi pa jakaranda, chifukwa mpweya umalowera pa timabowo ta pansi pa mawaipa, pomwe masamba amaunjikana. Galimoto zina tazipeza zilibe fyuluta n'komwe, malo ake ali pululu. Zikatero fumbi limapita molunjika pa evaporator, chitsulo cha timizere tating'onoting'ono chimene chimaziziritsa mpweya. Chitsulochi chimakhala chonyowa AC ikamagwira ntchito, ndiye fumbi limasanduka matope, matopewo n'kuuma ngati chikhoma. Apa ntchito imakula, chifukwa pa galimoto zambiri kuti ufike pamenepo uyenera kumasula dashibodi yonse. Ndiye mukationa tikulimbikira za fyuluta, si kuti tikufuna kukugulitsani kanthu.

Ena amabwera akuti fani ikugwira pa nambala 4 pokha, pa 1, 2 ndi 3 zii. Iyo ndi resistor, kachipangizo kakang'ono kokhala pafupi ndi fani kamene kamachepetsa liwiro. Nambala yomaliza magetsi amakadutsa pambali, n'chifukwa chake yokhayo imatsala. Koma kusintha resistor yokha n'kungotaya ndalama. Kachipangizoka kamazizira ndi mpweya womwewo wa fani, ndiye ngati njira yatsekeka kapena mota ya fani yayamba kulemera, katsopanoko kapsanso. Fani ikangoti zii pa manambala onse timayamba ndi fyuzi, kenako relay (kachipangizo kolumikiza ndi kudula magetsi), kenako mota yeniyeniyo. Ndipo chonde, achimwene, fyuzi ikapsa musamangepo waya. Ndaona dashibodi yosungunuka chifukwa cha kawaya kamodzi.

Vuto limene limandisangalatsa kulipeza ndi la oyenda maulendo ataliatali. Munthu anyamuka ku Blantyre AC ikuwomba bwinobwino, pofika ku Zalewa mpweya wachepa, fani ikumveka kulira koma palibe chotuluka. Akaima kugula zinthu pamsewu, pobwerera apeza chithaphwi pansi pa galimoto, ndipo AC yayambanso kuwomba. Ena mpaka amaganiza zamatsenga. Ndi madzi oundana basi, ayezi wamanga pa evaporator n'kutseka njira. Zikakuchitikirani, zimitsani batani la AC koma fani muisiye ikuyenda; mpweya ukabwerera pakapita mphindi zochepa, ndi zimenezo. Nthawi zambiri kachipangizo koyeza kuzizira kamakhala katafa, kapena wina analumikiza kompulesa dayilekiti kuti isamadule. Nthawi zina gasi wochepa amachititsanso zomwezo.

Pali ndi timakomo m'kati mwa dashibodi timene timalozera mpweya kumaso, kumapazi kapena pagalasi lakutsogolo. Pa galimoto zotembenuza ndi dzanja timakokedwa ndi kebulo, pa za mabatani ndi kamota. Mukamva kuti tha-tha-tha m'dashibodi mukangoyatsa, mano a kamotako atha. Koma tisanaitanitse sipeya timasuzumira kaye, chifukwa tatulutsamo zolembera, makobidi ndi timitengo totokosera m'mano togwera pa mabowo a pagalasi.

Hita anthu amaikumbukira mu Juni, chiperoni chikafika. Galasi lachita nthunzi, woyendetsa akupukuta ndi malaya uku akukwera ku Bvumbwe kapena ku Dedza m'nkhungu. Tikayang'ana timapeza kuti thermostat, kachipangizo kosunga kutentha kwa injini, inachotsedwa kalekale ndi wina amene anati kuno n'kotentha siifunika, ndiye injini sifika pa kutentha kwake ndipo hita imangotulutsa mpweya wofunda pang'ono. Kapena heater core, karadiyeta kakang'ono ka hita, yatsekeka ndi dzimbiri chifukwa mu radiyeta mumangothiridwa madzi a pamjigo. Ambirinso sadziwa kuti nthunzi imachoka msanga mukayatsa AC pamodzi ndi hita, chifukwa AC imaumitsa mpweya.

Ndafotokoza zonsezi monyadira, koma amene ankauza anthu kuti gasi si zonse ndi yemweyo anagwa ndi gasi.

Mu Seputembala 2023 ndalama zakunja zinkasowa ndipo gasi wa R134a, amene timathira mu AC za galimotozi, anakwera mtengo. Munthu wina amene ndinali nditagulako kwa iye timasipeya ting'onoting'ono anandibweretsera masilinda awiri pa mtengo wotsika. Katoni yokongola, zolembedwa zonse zilipo. Sindinafunse kumene anachokera. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya lambiri. Mwezi wa Okutobala ndinathira gasi ameneyo m'galimoto 9 zimene zinkafunikadi gasi. Pofika pakati pa Novembala zinayamba kubwerera imodziimodzi, kompulesa italimba gwa, mafuta a m'kati atada ngati makala. Zinabwerera 7. Gasi uja anali wosakaniza ndi zinthu zina zimene zimadya zitsulo za m'kati. Kompulesa ikafa motero simangosintha iyo yokha, zinyenyeswa zimafalikira m'mapaipi monse, ndiye uyenera kutsuka zonse ndi kusinthanso condenser (chitsulo cha kutsogolo kwa radiyeta choziziritsa gasi) ndi valavu. Ndipo mwezi womwewo kwacha inagwa ndi 44 peresenti, mitengo ya masipeya n'kudumpha usiku umodzi.

Anzanga ena anandilangiza kuti ndikane, ndiziti galimoto zinali zakale kale. Ndinaganizapo, sindinama. Koma anthu amenewa anabwera kwa ine chifukwa anamva kuti kuno sanamiza. Ndinawaimbira onse 9, ndi awiri amene zawo zinali zisanafe omwe, kuti abwere tichotse gasiyo. Zonse ndinakonza ndi ndalama zanga. Ndinagulitsa njinga yamoto, ndipo zotsala ndinakatenga katapira. Kwa akulu amene munandibwereka: ndalama yanu yatha, zikomo, koma kubwera kunyumba m'mamawa wa Lamulungu n'kumawerenga mipando pamaso pa ana anga chifukwa chochedwa masiku anayi, chimenecho sindidzaiwala. Kwa inu a masilinda aja, foni yanu inasiya kupezeka tsiku lomwe ndinakuuzani. Ndikumva mukugulitsabe. Ndirande ndi yaing'ono.

Lero gasi timagula malo amodzi okha opereka lisiti. Tili ndi makina oyezera ngati gasi ndi weniweni, pampu yochotsera mpweya ndi chinyezi m'mapaipi tisanathire, ndi sikelo, chifukwa galimoto iliyonse ili ndi kapepala pansi pa boneti konena magalamu oyenera. Zothira mongoyerekeza ndi dzanja pa paipi kuno kulibe.

Zothokoza ndi zambiri. Choyamba Mulungu. Kenako mayi a kunyumba, amene kwa miyezi yambiri anadyetsa banja ndi geni yawo ya mandasi ndi tomato osandinyoza ngakhale tsiku limodzi, n'kukanditengeranso ndalama ku banki nkhonde yawo kuti ndichepetse katapira uja. Amalume, amene anandipatsa sipanala yoyamba ndipo mpaka lero akabwera amandidzudzula kuti sindikusunga bwino zida. Alamu anga a ku Johannesburg, amene anasakasaka makina oyezera gasi n'kuwatumiza pa basi. Agogo eni malo, amene anatilola kugwira ntchito pansi pa mango awo, malipiro ake nthawi zina kungowakonzera wailesi. Anyamata anga awiri, amene anagwira miyezi iwiri ndi theka la malipiro. Mmodzi tsopano amamasula dashibodi ya Passo n'kuibwezera popanda kutsala sikuluwu ngakhale imodzi, zimene ine zinanditengera zaka. Madalaivala a mataxi amene mumatumizirana kuno. Ndipo koposa onse, inu 9 aja. Asanu ndi mmodzi mwa inu mukubwerabe, ndipo mayi wa Note yoyera, amene munandikalipira koposa tsiku lija, ndinu amene mwatitumizira makasitomala ambiri kuposa wina aliyense.

Tsopano shedi ikulowa galimoto zitatu nthawi imodzi, mvula kaya dzuwa. Kuyang'ana fyuluta, fyuzi ndi fani sitilipiritsa, ndipo chilichonse chimene tachotsa timakuonetsani ndi maso anu musanalipire. Mafyuluta a Vitz, Passo, Sienta, Probox, Note, Demio ndi Fit alipo. A galimoto zina tipatseni masiku ochepa. Ngati kapeti ya kumanzere ikumanyowa, kapena mukayatsa AC mukumva fungo ngati la masokosi onyowa, kapaipi kotulutsa madzi katsekeka, ndi ntchito ya kanthawi kochepa ikapezedwa msanga. Amene mumanyamula chimanga kapena gaga m'galimoto, bwerani tione ngati mulibe alendo m'fani.

Musadikire Okutobala, nthawi imeneyo mzere umafika kumsewu. Timatsegula 7 koloko m'mawa, Lolemba mpaka Loweruka, ndipo mtengo wa mango uja ulipobe, pali benchi yodikirirapo.